Mutu 7: Mzere wa Magiredi Asanu

1. Isankhe kompyuta

Mwezi wa Juni chaka cha 1998 kuzizira kwa ku Joni kunalibe chisoni. Ufulu Chilemba, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankatuluka m'kanyumba kawo ka malata ku Dukathole manja ali m'khwapa, n'kukwera tekisi ya ku Alberton. Maphunziro ake a makompyuta anali pafupi kutha, ndipo koleji inamutumiza kukaphunzira ntchito ku kampani ina ya alonda. N'komwenso bambo ake, a Hamilton Chilemba, ankagwira ulonda wa usiku.

Mu ofesimo Ufulu anali pansi pa mayi Mutinta, mzimayi wa ku Lusaka wosadziwa kunyengerera munthu. Makompyuta awiri a kampaniyo anali m'manja mwawo, ndipo ankawasamala kuposa mmene ankasamalira anthu.

Lolemba lina mwini kampani anatuluka m'chipinda chake atachita tsinya. Eni nyumba yosungiramo katundu ku Alrode anali atachepetsa kontirakiti. Pa alonda khumi ndi awiri amene ankalondera kumeneko ankafunapo asanu ndi awiri okha. Asanu achoke pofika Lachisanu.

"Ndikasankha ine, anena kuti ndi tsankho," anatero bwanayo m'Chingerezi. "Isankhe kompyuta, ilibe m'bale. A giredi yapamwamba atsale. Akafanana giredi, atsale amene wakhalitsa pantchito."

Kompyuta inalibedi m'bale, koma Ufulu anali naye. Bambo ake anali mmodzi mwa khumi ndi awiriwo.

Ku Joni mlonda aliyense amakhala ndi giredi, kuyambira A mpaka E. Wa A ndiye wapamwamba, wa E ndi wongoyamba kumene. Kuti ukwere umakalowa kozi n'kulemba mayeso. A Chilemba anali pa D zaka zinayi zathunthu. Nthawi iliyonse akati akalowe kozi, fizi ya Ufulu inkafika poyamba, ndipo iwo ankangoti, "Chaka chamawa."

Tsiku lomwelo mayi Mutinta ankapita ku Brakpan kukakonza makina a nthambi ya kumeneko, kudzabwerako Lachinayi. Ntchito ya mndandanda anamusiyira Ufulu. Pulogalamu ya kampaniyo inalembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Delphi, ndipo m'menemo mlonda aliyense anali ngati kabokosi kakekake kosunga dzina, nambala ya ntchito ndi zaka zimene wagwira. Ufulu anayenera kuwonjezera giredi, ndi kuphunzitsa kabokosi kalikonse kudziyerekeza ndi kanzake.

"Mvela kuno iwe," anatero mayi Mutinta m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, chikwama chili kale paphewa. "Giredi usailembe monga mau wamba, wina angazalembe Z. Upange mndandanda wotsekeka, mayina asanu chabe. Koma uzibe ichi. Kompyuta siona mayina, iona malo. Loyamba ilipasa ziro, lachiwili wanu, mpaka kumapeto. Ukaifunsa ati chachikulu ni chiti, iyang'ana manambala aja, basi. Siziba kuti uyu anaphunzila, uyu ali na ana, uyu ni mkulu. Manje ukasiliza, uyese. Utenge anthu atatu amene uwaziba na maso ako, uone ngati yawaika bwino. Pulogalamu yosayesa ni bodza lolembedwa mwaukhondo. Wamvela?"

"Ndamva, mayi."

Sanamve. Mutu unkagwedezeka wokha, maganizo ali pa D wa bambo ake.

2. Wamkulu ayambe

Amayi ake a Ufulu, a Gertrude, ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Alberton. Ankagona komweko, n'kumabwera kunyumba Lamlungu lokha. Mwana wawo anamulera ndi lamulo limodzi losasintha: wamkulu ayambe. Popereka moni, popereka madzi osamba m'manja, ngakhale potchula mayina m'kalata yopita kumudzi ku Ntcheu. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri Ufulu analawapo chipande chifukwa chotchula mng'ono wake asanatchule malume.

Choncho atakhala pa kompyuta, zala zinalemba zokha:

TGiredi = (gA, gB, gC, gD, gE);

Akanalembanso bwanji? Kuyamba ndi E kukanakhala ngati kupereka mpando kwa mwana agogo ali chiimire.

Kenaka anauza pulogalamuyo kuti isanje alondawo kuyambira wamkulu kutsika m'munsi, ndipo idule pa nambala seveni. Pulinta inalira, n'kutulutsa pepala la mayina ndi manambala a ntchito okha. Ufulu analitenga n'kuyang'ana dzina la bambo ake.

Hamilton Chilemba. Nambala fili. Wotsala.

Anakondwa mpaka misozi inalengeza. Za kuyesa anthu atatu anazikumbukira ndithu, tisamunamizire. Koma munthu akaona chimene ankapempherera safunsa kuti chadzera njira iti. Anapita nalo pepalalo kwa bwana, ndipo bwanayo anasaina osaliwerenga. Kwa iye alonda mazana awiri a kampaniyo anali manambala ovala yunifolomu. Lachiwiri kapitawo anakawerenga mayinawo kwa alonda ku Alrode.

3. Pepala la m'pulasitiki

Lachitatu masana wina anagogoda pawindo la ofesi. Anali a Davies Sakala, bambo wa ku Chipata amene ankalondera limodzi ndi a Chilemba. Ufulu ankawadziwa bwino. Ndi iwo amene anapezera bambo ake ntchitoyi, ndipo ankawatchula kuti malume.

"Wachoma bwanji, mwana wa achimwene?" anatero akumwetulira mokakamiza. "Sinabwele kuvuta. Nifuna chabe uone ichi."

Anatulutsa pepala lokutidwa m'pulasitiki ya buledi. Inali satifiketi ya giredi B.

"Miyezi isanu na umodzi, Loweluka lililonse, nikachoka ku ntchito osagona. Kapitao anakamba ati a giredi yapamwamba asala. Manje ine nili pa ochoka. Kapena makina aziba zina zimene ine siniziba?"

"Mwafunsa kwa bwana, malume?"

A Davies anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Eish, ine? Pemiti yanga isila mwezi wa mawa. Nikachita phokoso azanifunsa mapepala, osati giredi. Tonse asanu tili so. Iwe ungoyang'ana chabe, ngati ni zoona nizapita bwino."

Anapinda satifiketi yawo mosamala, n'kuibwezera m'thumba la mkati. Atachoka, Ufulu anatsala akumva kuzizira kumene sikunali kwa Juni.

Anatsegula pulogalamu ija. Analemba kamzere kofunsa kompyuta nambala imene yapereka kwa giredi iliyonse. Yankho linabwera nthawi yomweyo.

gA 0, gB 1, gC 2, gD 3, gE 4.

Zinali poyera ngati dzuwa. Kwa kompyuta, E ndiye anali wamkulu wa onse chifukwa anatchulidwa pomaliza. A, amene iye anamulemekeza pomuika patsogolo, anali ziro. Pamwamba pa mndandanda wa otsala panali anyamata awiri a giredi E amene anayamba ntchito Isitala yomweyi. Pansi penipeni, pa ochoka, panali a Davies ndi mnzawo wina wa B.

Kukonza kwake kunali kosavuta mochititsa manyazi: kungotembenuza mzere umodzi. Anayesa pa kope lina, osakhudza lenileni. Pamwamba panabwera a B awiri, kenaka a C asanu. Amenewo anakwana asanu ndi awiri. Mzere wodula unagwa, ndipo dzina loyamba pansi pake linali Hamilton Chilemba. Nambala eyiti.

Anabwerezanso kawiri, ngati kuti makinawo angachite manyazi n'kusintha. Sanasinthe.

Palibe wina ankadziwa. Bwana sawerenga, mayi Mutinta anali ku Brakpan, ndipo ochotsedwawo sakanayerekeza kudandaula. Ufulu anatseka ofesi nthawi isanakwane n'kuthamangira tekisi, kuti akapeze bambo ake asananyamuke.

4. Nsapato za bambo

Anawapeza pakhomo, atakhala pa kreti, akupolisha nsapato za ntchito padzuwa lofooka la madzulo. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Chiyambire Lachiwiri nkhope yawo inali itabwerera zaka khumi m'mbuyo.

"Wafulumira lero, akalaliki," anamuseka. "Makina ako aja uwauze kuti ndathokoza."

Ufulu anagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse. Za mzere uja, za ziro, za satifiketi ya m'pulasitiki, za nambala eyiti. Bulashi inaima.

"Unachita dala?"

"Ayi, bambo."

"Wauza ndani?"

"Inu nokha."

"Ndiye zithere pompano." Anaika nsapato pansi. "Tamvera, mwana wanga. Iwe kuno wabwera dzana, unapeza denga lilipo kale. Ine ndinabwera chaka cha 1993 pamwamba pa katundu wa thiraki, masiku atatu. Ndagwirapo m'dimba la mzungu ku Brakpan, anandichotsa chifukwa galu wake sanandikonde. Ndanyamulapo njerwa mwezi wathunthu, kapitawo n'kuthawa tsiku la malipiro. Mu tekisi sinditsegula pakamwa, kuopa kuti lilime langa lindigulitsa, ayambe kunditchula kwerekwere, dzina lawo lonyozera ife obwera. Zonsezi alipo anabwera kudzakonza? Palibe! Dziko lino likalakwitsa mokupweteka limangoti sori baba, n'kupitirira. Lero lalakwitsa mondikomera, kamodzi kokha m'zaka zisanu, ndiye wobwera kudzakonza akhale mwana wanga yemwe?"

"Koma bambo, a malume Davies ndi amene anakupezerani ntchitoyi."

"Usandiphunzitse kuthokoza! Davies ndi mnyamata, ali ndi B, mawa lomwe apeza pena. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, maso ayamba kuchita chifunga. Wa D wokalamba amulemba ndani? Ndipo D ameneyu ukudziwa chimene ndakhalira naye. B wanga ali m'mutu mwakomo. Ndinamupereka kwa iwe, temu ndi temu, kuti usadzaime pageti la munthu ngati ine. Sindikukuuza kuti ube. Sindikukuuza kuti uname. Ndikungoti khala chete mpaka Lachisanu lidutse. Chilungamo chimene ukuchifunacho ndi cha anthu okhala ndi mapepala ndi nyumba za njerwa. Ife chathu ndi kupulumuka."

A Chilemba sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa ndi wamantha, ndipo zambiri zimene ananenazo zinali zoona. N'chifukwa chake zinkapweteka.

Anavala jekete, n'kutenga chipewa ndi tochi. Pochoka anamugwira mwana wawo paphewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ndiwe mwana womvera. Sunandikhumudwitsepo."

5. Mapepala awiri

Lachinayi m'mawa mayi Mutinta anafika ali ndi chimfine ndi mkwiyo wa ku Brakpan. Asanavule n'komwe juzi, Ufulu anaika mapepala awiri patebulo pawo.

"Ili ndi limene bwana anasaina. Ili ndi loona. Ndinalakwitsa mzere wa magiredi, mayi, ndipo sindinayese."

Mawuwo anatuluka mothamanga, chifukwa ankadziwa kuti akapuma pakati sawamaliza. Njira yonse mu tekisi anali atatsimikiza kukhala chete. Koma atafika pawindo lija anakumbukira mmene a Davies anapindira satifiketi yawo, n'kunena kuti ngati ndi zoona apita bwino. Sizinali zoona, ndipo wodziwa anali iye yekha.

Mayi Mutinta anawerenga mapepala onse awiri, chala chikutsika dzina ndi dzina. Chitafika pa nambala eyiti chinaima.

"Uziba kuti uyu ni ndani?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Nawo aziba?"

"Anandiuza kuti ndikhale chete."

Mzimayiyo anavula magalasi n'kupukuta mphuno. Amene akuyembekeza kuti apa Ufulu anayamikiridwa sawadziwa mayi Mutinta.

"Sinizakuombela m'manja," anatero. "Ninakuuza kuti uyese. Ukanayesa Mande, atate ako akanamva nkhani yoipa kamozi chabe, kuchokela kwa kapitao. Manje azamva kawili, ndipo koyamba kanali kuchokela kwa iwe. Unawapasa chimwemwe cha masiku atatu chimene sichinali chako kupasa. Iyi nchito yathu, anthu aganiza ati ni ya manambala. Iyai. Kuseli kwa mzele uliwonse kuli munthu na banja lake, ndipo iwe sumuona. Bwana akamba ati kompyuta yasankha. Kompyuta sisankha, isankha ni uja analemba mzele. Ukanakhala zii, ine sinikanaziba, nikuuza zoona. Koma iwe ukanaziba, ndipo tsiku lina ukanachitanso, apo mwadala. Khala apo, ukonze weka."

Ufulu anakhala pa kompyuta. Anafufuta mzere uja n'kulemba:

TGiredi = (gE, gD, gC, gB, gA);

Kanali koyamba m'moyo wake kutchula wamng'ono patsogolo pa wamkulu.

"Pamwamba pake ulembe chenjezo," anatero mayi Mutinta. "Mawa azabwela wina waulemu monga iwe, azaona E patsogolo, azati ni kulakwisa, azatembenuza."

Ufulu analemba kuti mndandandawu ukuyambira wotsika kupita wokwera, ndipo aliyense wosintha malo a mayinawa wasintha amene atsale pantchito. Kenaka anayesa ndi anthu atatu amene ankawadziwa: a Davies, mnyamata wina wa E, ndi bambo ake. Onse anagwera pamalo pawo.

Mayi Mutinta analowa nalo okha pepalalo kwa bwana. Kunamveka kukalipa kwa mphindi zingapo. Kenaka anatuluka nalo losainidwa. Nalonso bwanayo sanaliwerenge.

Madzulo ake Ufulu atafika kunyumba anapeza bambo ake atapita kale. Kapitawo anali atawatumizira uthenga masana. Pakhomo panali kreti ija ndi chitini cha polishi chosatseka.

6. Pawindo

Lachisanu m'mawa ochotsedwa asanu anabwera kudzabweza katundu wa kampani. Yolandira katunduyo pawindo inali ntchito ya wophunzira ntchito, ndipo mayi Mutinta sanamuchotserepo.

Anthuwo anaima panja mumphepo, aliyense atanyamula mtolo wake. Cha kugeti kunali a Davies, chipewa chili m'manja, osadziwa ngati ayandikire kapena achoke. Anyamata a giredi E aja anali atafika poyamba, koma ataona a Chilemba anapatuka.

"Dlula, madala," anatero mmodzi m'Chizulu, akuwalozera kutsogolo. "Wamkulu ayambe."

A Chilemba anafika pawindo. Anali atameta bwino, atavala malaya awo a kutchalitchi. Anaika jekete, chipewa, chibonga ndi tochi, chimodzichimodzi, mwadongosolo.

"Bambo," anatero Ufulu.

"Mwadzuka bwanji, akalaliki?" anayankha. Ulendo uno sankaseka. "Taonani ngati zakwana. Musadzalakwitsenso chifukwa cha ine."

Chibadwire Ufulu, bambo ake anali asanamutchulepo kuti inu. Akanamukalipira, kapena kumutukwana pamaso pa anthu onsewo, zikanapepuka. Ulemu umenewu unamulasa kuposa chipande cha amayi ake.

"Zakwana," ananong'ona.

"Ndisaine pati?"

Anawalozera. Anaweramira pafupi kwambiri ndi pepalalo chifukwa cha maso aja, n'kulemba dzina lawo lonse pang'onopang'ono. Atamaliza anabweza cholembera ndi manja awiri, monga amachitira kwa anthu a mu ofesi.

"Amayi anu akubwera Lamlungu," anatero. "Lachiwiri ndinawaimbira foni kwa azungu awo kuti ntchito yapulumuka, ndipo anati abwera ndi nkhuku. Ine sindiwauza kanthu. Mukawafotokozere nokha za manambala anuwo."

Anatembenuka n'kuyenda kulowera kugeti. A Davies anatambasula dzanja, koma iwo anangodutsa.

Ufulu anatenga jekete ija kuti aipinde. Pachigongono panali chigamba chimene anasoka yekha mwezi wa Meyi, ndipo inkanunkhabe utsi wa mbaula ya pageti. Wachiwiri pamzere anali atayamba kale kugogoda pawindo. Lamlungu linali mkuja.